Mutu 6: Babu Lachitatu

1. Mtambo wa thonje

Mtsikanayu pasukulu ponse ankamutchula kuti Kachete. Aphunzitsi akamufunsa funso, yankho ankalipereka kwa desiki, koma linkakhala lolondola. N'chifukwa chake anamudumphitsa kalasi, n'kukapezana ndi mlongo wake wamkulu amene anali akubwereza.

Mlongo wakeyo anali mnyamata amene mabuku ankamuvuta, koma zala zake zinali ndi maso. Awiriwa ankakhala ndi amalume awo, okonza mawailesi, masimbi ndi mafani, pakuti amayi awo ankagwira ntchito kutali. Mnyamatayo akaweruka ankathera m'shopu ya amalumewo, ndipo zikhadabo zake sizinkayera.

Aphunzitsi a sayansi atagawa mitu yoti ophunzira akakambe pamaso pa anzawo, awiriwa anawapatsa wa kubadwa kwa nyenyezi. Ntchito anagawana mosavuta: Kachete mawu, mlongo wake manja.

Mnyamatayo anatenga thabwa n'kuyalapo thonje la mu pilo wakale kuti likhale mtambo. M'thonjemo anabisamo mababu atatu olumikizidwa ku batire ya njinga yamoto. Lalikulu linali la nyali yakutsogolo ya galimoto. Analiikira chogwirira chamtengo chifukwa khosi lake lachitsulo linkatentha msanga, ndipo pambali pake anamangirira kafani. Lachiwiri analiikira kopotokola kuti liziwala pang'onopang'ono. Lachitatu analichenjerera mwakuti linkangofunda koma osawala.

Tsikulo litafika, Kachete anaima kutsogolo kwa kalasi, maso ali pa mng'alu wa simenti pafupi ndi nsapato yake.

"Nyenyezi zimabadwira mu mtambo wa mpweya ndi fumbi," anayamba. "Mtambowo umagawika mibulu mibulu, ndipo m'bulu uliwonse umakokera zinthu pakati pake. Mmene nyenyezi idzakulire zimadalira kulemera kwake, ndiye kuti kuchuluka kwa zomwe yasonkhanitsa. Yolemera kwambiri imafinya pakati pake mwamphamvu, pamatentha msanga, ndipo imayaka isanamalize n'komwe kusonkhanitsa."

Mlongo wake anayatsa babu lalikulu. Kalasi yonse inaphethira. Kafani kanalira, thonje linauluka n'kukagwera pa madesiki akutsogolo. Kachete anafotokoza kuti kuwala ndi mphepo ya nyenyezi yotereyi zimauluza mtambo wotsala, moti zing'onozing'ono zoyandikana nayo nthawi zina zimatsala ndi zochepa zoti zikulire.

Za yachiwiri anati ndi yonga dzuwa lathu. Imeneyi sipupuluma, imatenga zaka mamiliyoni ambirimbiri ikudzifinya isanakhazikike. Mnyamatayo anapotokola pang'onopang'ono, babu linafiira kenako linayera. Ngakhale a kumbuyo anasiya kunong'onezana.

Koma waya wa babu lachitatu unali utakhwefuka panjira. Mnyamatayo ataona, analinyamula n'kukanikiza wayawo ndi chala chachikulu, babu lili pachifuwa pake. Kachete sanaone. Anangotambasula dzanja kuloza komwe ankadziwa kuti babulo lili.

"Koma iyi inasonkhanitsa zochepa," anatero. "Imayesa, imafunda pang'ono, koma pakati pake sipatentha mokwanira. Ngakhale mutaidikira zaka zingati, siidzayaka ngati zinzake. Ena amaitcha nyenyezi yolephera."



Kumbuyo kunali mnyamata wina wamtali amene ankamutchula kuti Wailesi, chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira. Anakweza dzanja mwaulemu wonse.

"Pepani aphunzitsi, ndimangofuna kudziwa. Nanga ikabwerezanso chaka chamawa, ingayake?"

Kalasi inaphulika. Ena ankamenya madesiki. Aphunzitsi anabisa nkhope kuseri kwa buku, koma mapewa awo ankagwedezeka. Apo m'pamene Kachete anadzutsa maso, n'kupeza chala chake chikuloza pachifuwa cha mlongo wake.

Nthawi yopuma isanathe, dzina linali litabadwa kale: Wosayaka. Aphunzitsi, akupukuta misozi ya kuseka, anati ntchitoyo inali yabwino kwambiri ndipo mawa m'mawa ikaonetsedwe m'holo pamaso pa sukulu yonse. Anawonjezera kuti ophunzira atatu adzanyamule mababuwo m'mwamba kuti akumbuyo adzaone.

2. Malaya m'katoni

Mlongo wake sanadikire kuweruka. Thabwa ndi batire anazisiya m'kalasi, ndipo Kachete anazinyamula yekha, batire ikumugunda m'bondo njira yonse.

Anamupeza m'shopu atavala ovololo, akumasula simbi ya munthu ngati kuti simbiyo ndiyo inamuseka. Malaya a yunifolomu anali m'katoni ya nsanza zopukutira mafuta. Amalume anali atapita kukagula zipangizo.

Kachete anayamba kupepesa. Anati sanaone, anati mawuwo anawaloweza pakhonde iye mwini akumva, ndipo sanadandaulepo chilichonse. Mnyamatayo sanatembenuke.

"Maso ako amakhala pansi masiku onse, koma chala chinadziwa kolowera."

"Achimwene, ine ndimanena babu."

"Ndikudziwa kuti umanena babu. Ndinalipanga ndine." Anaponya sikuluwu m'chitini mwakuti inadumpha n'kugwera pansi. "Bwanji sunaloze lalikulu lija n'kunena kuti ndiwe? Unafotokoza bwino zedi. Imayaka msanga, kenako imauluza za anzake. Usanabwere m'kalasi mwanga ndinali munthu wobwereza basi, ngati obwereza ena onse. Utabwera iwe ndinasanduka phunziro. Aliyense wolowa ndi choko, 'taonani mlongo wake wamng'ono.' Lero wamaliza ntchito, wandipatsa ndi dzina lomwe."

Kachete naye anapsa mtima. Anamufunsa ngati anapempha yekha kuti amudumphitse kalasi. Anamufunsa kuti amene amakhala naye pansi kumubwerezera masamu mpaka mawu kusasa ndi ndani. Anati wolakwa, Wailesi, ali kwawo akudya bwinobwino, pamene iwo awiri akulumana ngati agalu a khomo limodzi.

Mnyamatayo anayankha kuti pageti la sukulu sadzapondaponso. Amalume akufuna manja, ndipo simbi sifunsa kuti unakhoza bwanji mayeso.

"Ndiye Wailesi wapambana?"

"Apambane. Iwe pita ukayake."

Kachete anatola malaya aja m'katoni n'kuwakutumula. Mlongo wake anamulanda n'kuwaponyamonso. Kenako ananyamula fani yomwe inali itakonzedwa n'kutuluka nayo kukapereka kwa mwini wake, osayang'ana m'mbuyo.

3. Chenjezo la amalume

Dzuwa linali litapendeka. Kachete anaika thabwa patebulo logwirira ntchito n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga sikuludiraiva.

Chogwirira cha babu lalikulu chinali chomangidwa ndi sikuluwu imodzi yokha. Anachimasula n'kuchiika pambali. Anayatsa babu, anadikira pang'ono, n'kukhudza khosi lachitsulo ndi nsonga ya chala. Anachichotsa msanga n'kuchiika m'kamwa.

"Mawa lidzanyamulidwa ndi ndani limenelo?"

Anali amalume, ataima pakhomo ndi kathumba ka zipangizo. Anali atakumana ndi mlongo wa Kachete panjira ndipo nkhani yonse anali ataimva. Amalume anazimitsa babu, anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye. Anavula magalasi awo omangidwa ndi waya kumbali imodzi.

"Mwana wa mlongo wanga, tamvera. Ine ndakalambira patebulo pano. Anthu amabwera ndi simbi zawo ndi mbaula zawo zamagetsi, amazisiya m'manja mwanga n'kumapita. Saona zomwe ndachita m'katimo. Mawa lake mayi amalumikiza simbiyo mwana akukwawa pansi pomwepo. Amatero chifukwa amakhulupirira kuti munthu wodziwa waya sangawatchere msampha. Usaganize kuti onsewo amandikonda. Wina ananditcha wakuba pakhomo pomwepa, msewu wonse ukumva. Simbi yake ndinaikonza ngati ya amayi anga. Ukadziwa chinthu chimene mnzako sakuchidziwa, moyo wake uli m'manja mwako, ngakhale akhale mdani wako.

"Wailesi uja walakwa. Aphunzitsi ako alakwa kuposa iyeyo, chifukwa iwo ndi aakulu. Ndikhoza kutseka shopu ino mawa masana n'kukawauza zimenezo maso ndi maso, ndipo ndidzatero. Imeneyo ndiyo njira. Koma iwe wasankha njira ya anthu achete, kumaso kuli zii, moto uli kumbuyo. Ndimakudziwa. Sulankhula, umasunga, ndipo chosungidwa nthawi yaitali chimawola. Galu akakuluma sugwada pansi kuti nawe umulume. Ndiponso moto sutumika ngati mwana. Ukautuma kwa Wailesi, sukafika n'kuyamba kufunsa kuti Wailesi ndi uti.

"Mlongo wako undisiyire ine. Bala lake ndi la lero, lisiye ligone. Iwe bwezera chogwiriracho ine ndikuona."

Kachete anabwezera. Amalume anachigwedeza kuti aone ngati chalimba, kenako anatseka shopu.

M'mawa mwake mlongo wake sanadzuke. Anagona atayang'ana kukhoma, bulangeti lili kumutu. Kachete akumanga thabwa ndi chingwe pakhonde, anyamata awiri a kalasi yoyamba anadutsa pamsewu. Mmodzi anasuzumira pampanda.

"Kodi Awosayaka adzuka? Kapena mpaka chaka chamawa?"

Anathawa akuseka. Dzina linali litafika mpaka pakhomo. Kachete anayang'ana zenera la chipinda cha mlongo wake. Linali lotsegula.

4. M'holo

Kuseri kwa holo kunali kakhonde kosungirako mipando yothyoka. Kumeneko Kachete anatulutsa rula yachitsulo m'chikwama n'kulowetsa ngodya yake mu sikuluwu ija. Inavuta pang'ono, pakuti dzulo anaimanga kwambiri amalume akuona. Kenako inagonja. Chogwirira chinalowa m'thumba la siketi.

Holo inali itadzaza. Ana a kalasi yoyamba anakhala pansi kutsogolo, akuluakulu anaima kumbuyo. Ahedi anakhala pampando wawo pambali. Aphunzitsi a sayansi anali akulimbana ndi chimkuzamawu chomwe chinkangolira ngati mwana wa mbuzi.

Atafunsa za ofuna kunyamula mababu, dzanja loyamba linali la Wailesi. Anabwera akudzikoka, n'kunena mokweza kuti iye atenga lachitatu, pakuti mwini wake sanabwere, mwina akuyesabe kuyaka kunyumba. Holo inaseka.

"Ayi," anatero Kachete. Mawu ake anamveka mpaka kumbuyo, ndipo ambiri anali kuwamva koyamba. "Iwe ndiwe wamkulu. Tenga lalikulu."

Wailesi anawerama ngati wolandira mphoto. Anafunsa pogwira. Kachete anamuonetsa khosi lachitsulo. Atsikana awiri anatenga mababu enawo.

Ulendo uno Kachete sanayang'ane pansi. Anakamba za mtambo, za mibulu ndi za kulemera, maso ali pa dzanja la Wailesi. Atafika pa nyenyezi yolemera anayatsa yekha. Kuwala kunadzaza kutsogolo konse, kafani kanalira, thonje linayamba kuuluka, ndipo Wailesi anakweza babu pamwamba pa mutu akugwedeza chiuno.

Kachete anapitiriza mosafulumira. Anati nyenyezi yotereyi imatentha kuposa zinzake zonse. Anati siidziwa kusunga, imawotcha zomwe ili nazo mothamanga, n'chifukwa chake moyo wake ndi waufupi.

Chiuno cha Wailesi chinasiya kugwedezeka. Anayang'ana Kachete, kenako anayang'ana gulu. Anayesa kumwetulira, chifukwa kutaya babu pamaso pa sukulu yonse kunali kuvomera kugonja. Anagwirabe. Kachete anali ndi chala pa switchi ndipo sanachisunthe.

Kenako Wailesi anakuwa.

Babu linagwera pakati pa thonje. Utsi unatuluka, kafani kanauzira, ndipo thabwa lonse linayaka kamodzi. Atsikana aja anataya mababu awo. Ana akutsogolo anadzuka mopondana, wina anagwa n'kumenyetsa chibwano pa simenti. Aphunzitsi a sayansi anazula waya ku batire n'kuphimba moto ndi jekete lawo. Mlonda anabwera ndi ndowa ya mchenga.

Moto unazima msanga, koma holo inadzaza fungo la thonje lopsa. Wailesi anali atakhala pansi atagwira mkono wake, zala zitatuluka matuza, akuitana amayi ake ndi mawu aang'ono ngati a mwana wa mkaka. Mwana wogwa uja magazi ankamudonthera pamalaya. Kachete anadikira kuti mtima wake uzizire monga ankayembekezera. Koma sunazizire.

Ovulala atatengedwa, ahedi anaimirira. Sanafune chimkuzamawu.

"Ndani anapanga chinthu ichi?"

Holo yonse inayankha ngati ikuyankha funso la m'kalasi: "Wosayaka."

Mitu inayamba kutembenukira kukhomo, umodzi umodzi. Kachete naye anatembenuka.

Mlongo wake anali ataima pakhomo la holo, chikwama chili kumsana. Anali atavala malaya a m'katoni aja, atawasita bwino mpaka mizere ya m'manja, ngakhale kabanga ka mafuta kanali kakuonekabe paphewa. Amalume anali atalankhula naye monga analonjezera. Mnyamatayo anali atabwerera.

Ahedi anamukodola. Mnyamatayo anayenda pakati pa gulu mpaka kutsogolo. Anayang'ana babu lalikulu lomwe linali mu mchenga, khosi lili lamaliseche. Anayang'ana Kachete, kenako maso ake anatsikira pa thumba la siketi lomwe linali litatukumuka.

Aphunzitsi a sayansi, akukutumula jekete lawo lobooka, anauza ahedi kuti mnyamatayu anachoka dzulo asanaweruke, atakwiya ndi nthabwala ya mnzake, ndipo wovulalayo ndi mnzake yemweyo. Sananene kuti nawo anaseka. Ahedi anagwedeza mutu ngati munthu amene masamu ake atuluka.

"Ndiwe unapanga?"

"Ndine."

"Umadziwa kuti limawotcha?"

"Ndimadziwa."

Ahedi anati munthu wobwezera nthabwala ndi moto, m'holo modzaza ana, alibe malo pasukulu pawo. Anamuuza kuti atsogole ku ofesi. Kachete anatsegula pakamwa kuti aulule. Mlongo wake podutsa pafupi naye anachita ngati akukonza lamba wa chikwama.

"Pita m'kalasi," ananong'oneza. "Mmodzi wa ife atsale."

5. Pakhomo la ofesi

Ophunzira anabalalika kupita m'makalasi mwawo, akukambirana kuti anthu achete ngati Wosayaka ndiwo oopsa. Mtsikana wina anagwira Kachete paphewa n'kumuuza kuti asadandaule, aliyense akudziwa kuti iye sangaphe ngakhale nyerere.

Kachete anayenda ndi anzake mpaka pakhomo la kalasi. Analowetsa phazi limodzi. Desiki ya mlongo wake inali pakona, ndipo winawake anali atajambulapo kale babu ndi choko.

Anabwerera.

Khonde lopita ku ofesi linali lopanda munthu. Chitseko chinali chotseka, koma mawu a ahedi ankadutsa m'munsi. Ankanena kuti mnyamatayo atenge zake zonse lero lomwe, ndipo womulera abwere kudzakumana ndi makolo a ana ovulala. Ankamufunsa ngati pali wina amene anamuthandiza. Mlongo wake ankayankha kuti palibe.

Kachete anapisa dzanja m'thumba. Anaona kuti kugogoda ndi zala zokha sikumveka. Anatulutsa chogwirira chija n'kugogoda nacho.

M'katimo mawu anaduka.

"Ndani?" anafunsa ahedi.

"Palibe munthu, ahedi," anayankha mlongo wake mofulumira. "Ndi mphepo."

Kachete anagogodanso, mwamphamvu kuposa poyamba.